Alamu Atakwera Patebulo Langa

Babu ya pabalaza inayamba kuphethira patangopita miyezi yochepa amuna anga ataikidwa m'manda. Poyamba ndinkati ndi magetsi athu a ku Mhuju omwewa, amene amachoka osatsanzika n'kubwera nthawi imene afuna. Koma tsiku lina masana ndikusita zovala ndinamva fungo la pulasitiki wopsa. Nditayang'ana kumwamba ndinaona kuti holda yogwira babuyo yada mbali imodzi ndipo yapendekeka. Ndinathimitsa swichi n'kumatapo kapepala kuti ana asayatse.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ku Rumphi ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi ndili mtsikana, n'kukwatiwa konkuno. Nyumbayi tinamanga awiri, ine ndi malemuwo, koma malo ake anawagawira ndi bambo awo, ndipo chimenechi ndicho chinkandisowetsa mtendere. Kwathu mwamuna ndiye amadzakhala pamudzi pa mkazi. Kuno kuli malowolo, mlendo ndi mkazi. Palibe amene anandiuza kuti ndichoke, ndipo pamaliro akuchimuna onse analankhula mawu abwino. Komabe ndinali nditaonapo mnzanga wina, namwino wa ku Mulanje, akukwera minibasi ndi sutikesi ndi mapoto okha mwamuna wake atamwalira. Choncho wachibale aliyense wa amuna anga akalowa pakhomo, ndinkayang'ana kumene maso ake akulowera.

Loweruka lotsatira m'mawa anatulukira alamu, mkulu wawo wa amuna anga, pa njinga yakapalasa atamangirira kachikwama kumbuyo. Ndi mlimi wa fodya, koma ali mnyamata anagwirapo ntchito yolowetsa magetsi m'nyumba ku Mzuzu. Ndi munthu wa mawu ochepa, ndipo akamalankhula nane amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, maso ali pansi. Sindinawaitane. Anati amva kuti pabalaza pali mdima. Sanatchule amene anawauza, ndipo ine ndinayamba kuganizira anthu onse amene analowa m'nyumbamo sabata imeneyo.

Atamwa madzi anaimirira n'kuyamba kuyendayenda. Anatsegula bokosi la mita, anagogoda khoma pafupi ndi swichi, analowa mukolido n'kumayang'ana siling'i, kenako anafunsa ngati chipinda chakumapeto chili ndi soketi. Vuto linali pabalaza, nanga chipinda chakumapeto chikubweramo bwanji? Mumtima ndinati awa sakuona mawaya ayi, akuwerenga zipinda.

Anathimitsa magetsi a nyumba yonse, anavula nsapato, n'kukwera patebulo langa lodyera. Posakhalitsa holda yopsa ija inali m'manja mwawo. Anati ikufunika yatsopano pamodzi ndi makonekita, ndipo apalasa njinga kukagula okha pamsika, ine ndisavutike. Pamenepo ndinakana. Ndinkadziwa kuti amene wagula msomali lero, mawa pabwalo adzanena kuti nyumba iyi ndinakonza ndine. Ndinawauza kuti ndipita ndekha, ndili ndi zina zoti ndikagule. Anandiyang'ana pang'ono, anadula kachidutswa ka waya wa m'mwambamo ndi pulayasi, n'kundiikira m'dzanja.

"Katengeni aka, alamu. Mukayese pabowo musanagule."

Makonekita sindinkawadziwa n'komwe, koma sindinafune kuwafunsa. Ndisanatuluke ndinakiya chipinda changa chogona. Iwo anamva kiyi akulira.

Shopu ya zipangizo imene ndinapitako ndi ya mayi wina amene timapemphera naye mpingo umodzi, ndipo amuna ake ndi msuweni wa banja lomweli. Kuno ukafufuza bwino aliyense ndi wachibale wa wina, kupatula iwe wobwera. Nditamuuza chimene ndikufuna, anayala zinthu pakauntala. Panali timizere toyera tapulasitiki ta mfundomfundo ngati nzimbe, mfundo iliyonse ili ndi tisikulu tiwiri, timene amadula ndi mpeni malinga ndi kuchuluka kwa mawaya. Panali tizisoti tating'ono tomangopotokola kumapeto kwa mawaya. Panalinso tina tatsopano toonekera mkati, tokhala ndi tizitseko tofiirira timene umangotsegula, kulowetsa waya n'kutseka. Anati timeneto tabwera ndi mwana wake kuchokera ku Tanzania. Pambali anaikapo tepi yakuda, n'kunena kuti anthu ambiri amangopota mawaya n'kukulunga imeneyi basi.

Kenako anafunsa amene akundikonzera. Nditatchula alamu, anakweza nsidze.

"Oo, ayamba kale?"

Ndinamufunsa kuti ayamba chiyani. Anaseka n'kunena kuti amatanthauza ntchitoyo, ngati atsitsa kale holda. Mwina analidi kunena zimenezo. Koma kuyambira pamenepo chilichonse chimene anandiyamikira ndinkachikayikira. Anandikakamiza chomene kuti nditenge ta tizitseko tija, ati n'tosavuta ndiponso tamakono. Bambo wina wa ofesi ya zaulimi, wa ku Zomba, amene ankadikira penti, analowerera n'kunena kuti ena mwa timeneto ndi achinyengo, kwa mnzake tinasungunuka. Mwini shopu anamuyankha m'Chitumbuka mofulumira mwakuti sindinamve zonse. Ndinatsala pakati, osadziwa amene akunena zoona, wogulitsa amene akufuna katundu wake atuluke kapena mlendo amene mwina ankangofuna kuoneka wodziwa zinthu.

Ndinaganiza zokhulupirira manja anga. Ndinatenga kamzere kamodzi ka tisikulu, kanali kopepuka ngati phesi. Ndinatenga kena ka mubokosi lina, kanali kolemerako. Ndinapempha sikuludalaiva. Pa kopepuka kaja sikulu inkangozungulira osaluma, ndipo nditakanda chitsulo cha mkati ndi pini, mtundu wachikasu unachoka n'kuonekera zotuwa. Pa kolemera kaja sikulu inatsika molimba, ndipo chitsulo chinali chachikasu ngakhale nditakanda. Mwini shopu anati zonse n'chimodzimodzi, koma ananena akuyang'ana kumsewu. Kenako ndinatulutsa kawaya kaja. Pa makonekita aang'ono kanalowa kokha mothinana, osasiya malo a kanzake. Pa aakulu kwambiri kankangogwedera. Ndinasankha apakati. Ta tizitseko tija mwina tinali tabwino ndithu, sindikudziwa, koma ndinkafuna chinthu choti ndiziona ndi maso anga chimene chagwira waya, choti nditha kumanga ndekha ndi dzanja langa. Ndinagulanso holda yolimba ndi babu.

Pobwerera ndinkayenda mothamanga. Ndinazindikira kuti pofuna kupewa chimodzi ndinachita chinzake: ndinawasiya okha m'nyumba yanga, ana atapita kukwaya. Nditalowa ndinapeza atsegula kachitseko ka siling'i mukolido, mutu ndi mapewa zili mkati, mapazi okha akuoneka pampando. Anatsika ali fumbi lokhalokha, n'kundiitana kuti ndidzaone pamene panali holda paja. Anakoka mawaya pang'ono. Anali ongopotana ngati chingwe cha mbuzi, tepi yake itasungunuka n'kuuma, ndipo thabwa la pafupi linali litada. Ndinafunsa amene anachita zimenezo, poganiza kuti atchula mmisiri wina.

"Mung'una wanga," anatero, kutanthauza mng'ono wawo, amuna anga.

Anafotokoza kuti mmisiri amene tinalemba anasiya ntchito isanathe, ndipo malemuwo anamalizitsa okha. Alamuwo anawachenjeza nthawi imeneyo kuti tepi yokha siikhalitsa pansi pa malata otentha, koma anakangana, ndipo kuyambira pamenepo sanakwerenso m'mwambamo. Anati zipinda zonse zili choncho.

Mtima unandiwawa. Kunena munthu amene sangayankhe n'kosavuta. Ndinaona ngati ndikuuona kale msampha: lero nyumbayi yamangidwa molakwika, mawa ndi yoopsa kwa ana, mkuja pitani kaye kwanu tikonze. Koma ndinakumbukiranso amuna anga ataimirira patebulo lomwelo, tepi yakuda ili kukamwa, akung'ung'udza nyimbo ya m'buku, akundiuza kuti magetsi si ufiti. Alamu sananame pa chimenecho, ndipo zimenezi zinandikwiyitsa koposa.

Ndinawapatsa zimene ndinagula. Anagwedeza kamzere kaja m'dzanja, anayesa sikulu imodzi, n'kuvomereza ndi mutu. Anafunsa chifukwa chimene sindinatengere ta tizitseko, poti amva kuti tafika. Ndiye kuti ankadziwa zimene zili mushopu muja. Ndinangoyankha kuti ndimakonda chimene ndikuchiona. Anaseka pang'ono, anadula mfundo zitatu ndi mpeni, kenako anandiuza kuti ndikwere ndimange ndekha.

Ndinazengereza. Ndinadzifunsa ngati akufuna kuti moto ukadzabuka adzanene kuti anamanga ndi mkazi wake yemwe. Komabe ndinamanga chitenje bwino n'kukwera, iwo atatsika n'kugwira tebulo. Anali atadula kale mbali zopsa. Anandiuza kusenda waya pang'ono pokha, kuti chitsulo chisaonekere kunja kwa konekita, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, ndipo wachitatu wopita kunthaka akhalenso pake. Ndinamanga tisikulu mpaka zala kuwawa. Anati ndikoke waya uliwonse ngati ndikufuna kuuzula. Umodzi unatuluka. Ndinaubwezera n'kumanganso, ulendo uno unagwira. Iwo anakwera pambuyo panga, anayang'ana paliponse, anamangirira holda kusiling'i, n'kukayatsa pa mita. Babu inayaka osaphethira, ngakhale masanawo kuwala kwake sikunkaoneka kwenikweni.

Ndinawaphikira tiyi ndi mbatata. Ndinayamba kudziona ngati munthu woipa mtima. Munthu wasiya fodya wake m'chigafa kudzandithandiza, ine ndamukiyira chitseko. Ndinali pafupi kunena yewo, zikomo wa kuno, wochokera pansi pa mtima pamene anaika kapu pansi n'kukonza kukhosi. Anati amama, kunena apongozi anga, amaganiza kuti chipinda chakumapeto chija chikungokhala. Mwana wamkazi wa alamuwo wasankhidwa ku sekondale yoyendera ya pafupi ndi nyumba yanga, ndipo kuchokera kumudzi n'kutali. Kodi sangamagone kuno?

Ndinayang'ana mbatata m'mbale. Pempho lake linali labwinobwino, ndipo mwanayo ndimamukonda, ndinamuphunzitsapo ndekha. Koma ndinkadziwanso kuti mphasa ikayalidwa, kuyalula kumavuta. Ndinati ndiganize kaye. Anati palibe changu, anatenga chikwama chawo n'kupalasa.

Ndinaganiza milungu ingapo. Pomaliza ndinavomera, koma ndinapempha mkulu wa mpingo wa dera lathu kuti akhalepo tsiku limene mwanayo anabwera, ndipo pamaso pake ndinanena momveka kuti ndikulandira mwana wa alamu ngati mlendo wanga mpaka atamaliza sukulu. Alamu anamvetsera, chipewa chili pabondo. Apongozi anadandaula kwa anthu kuti mkamwana wawo amaitanira mboni nkhani ya m'banja.

Zipinda zina alamu anadzakonza pang'onopang'ono nyengo ya fodya itatha. Ulendo uliwonse makonekita ndinkagula ndine, ndinkakanda ndi pini monga kale, ndipo ndinkaimirira pomwepo mpaka atatsika. Sanabwerezenso nkhani ya mng'ono wawo, ndipo za nyumba sanatchulepo chilichonse, kaya chabwino kaya choipa. Mpaka lero sindingalumbire kuti Loweruka lija anabwera ndi mtima wotani. Mwina anali ndi mitima iwiri, monga mmene ndinalili ine.

Chipinda changa chogona chokha ndinaitanira mmisiri wa ku Boma, munthu wosadziwana ndi aliyense kuno. Nkhaniyo inafika kumudzi tsiku lomwelo. Lamulungu lake potuluka m'tchalitchi apongozi anandikokera pambali n'kufunsa chifukwa chimene ndatayira ndalama kwa mlendo pamene m'banja muli munthu wodziwa ntchito. Ndinagwada pang'ono n'kuwayankha kuti ndinkalemekeza mwambo wawo womwe, poti mlamu salowa kuchipinda kwa mkazi wa mng'ono wake. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati mdzukulu wawo akudya bwino, ndipo tinayenda limodzi mpaka pamsewu.