Batani Lotulukira

Anzanga, ine ndi Asger tinayamba ndi mkangano.

Ndinali m'sitolo ya magemu ku Aarhus, ndikuyesa makina atsopano, panja mvula ikukhuthuka.

"Amene anakonza menyu imeneyi anali ataledzera," anatero mnyamata wina kumbuyo kwanga. "Kungofuna kutsitsa voliyumu, mpaka usochere!"

"Mwina vuto ndi zala zako," ndinamuyankha. "Ine ndatsitsa kale."

Anaseka mpaka wogulitsa anatembenuka. Tinatuluka limodzi, tikukankha njinga kupita kukamwa khofi.

Iye ankakonda menyu zakale, zongondandalika mayina a magemu basi. Ine ndinkakonda za zithunzi zikuluzikulu.

"Iwe Gunhild, zakozo ndi msika," ankandinena. "Ukangoyatsa, aliyense akukuitanira malonda."

"Nanga zakozo? Ngati chikwangwani cha kuchipatala!"

Chaka chisanathe anasamukira kwanga. Ndinamukonda, anzanga... osati pang'ono.

Loweruka lina anati akupita ku Randers, mayi ake sakupeza bwino. Ndinaphika mabanzi n'kumukulungira kuti akawapatse.

Masana ndinayatsa makina, n'kupeza opanga makinawo asintha menyu yonse. Pamene pankakhala magemu anga anaikapo pochezera ndi anzako. Chala chinangodina mwachizolowezi, ndipo ndinapezeka ndalowa m'macheza a Asger ndi anzake osewera nawo.

Mawu ake anadzaza pabalaza panga. Amaseka. Pafupi naye, pafupi zedi, mtsikana amatafuna chinachake.

"Mabanzi akewa ndi okoma. Umuuza liti?"

"Khirisimasi ikadutsa, wokondedwa. Panopa ayi."

"Aise Asger," analowerera mnzake wina, "taona amene walowa."

Asger anasiya kuseka.

"Gunhild? Walowa liti?"

Ndinafunafuna potulukira. Kudina apa, malonda. Kudina apo, zithunzi. Batani osalipeza, ine ndikungomva kupuma kwake. Kenako mtsikana uja ananong'ona kuti, "Ndi iyeyo?"

Ndinazula waya kukhoma.

Lolemba anadzatenga zovala zake. Sanapepese. Anangoti, "Sumayenera kuzidziwa mwanjira imeneyo."

Papita miyezi tsopano. Ndikayatsa makinawa, amafunsa kuti akusewera ndani, ndipo chithunzi chake chimabwera pambali pa changa, akumwetulira. Pofufutira ndinapapeza, anapabisa mkatikati. Koma ndikadina amandifunsa ngati ndatsimikiza, ine n'kubwerera.

Masiku ano ndimasewera voliyumu nditatsekeratu. Ndikudziwa kuti salankhulanso m'nyumba muno. Komabe sikirini ikamawala ndimagwira mpweya, kudikira kuti wina anong'one.

Anzanga, munthu ndinamukhulupirira mpaka kumuphikira chakudya cha mkazi mnzanga.