Kachitsulo ka tizigoba kochokera ku Beira

Lero anzanga apita ku mishoni kukalambula manda a makolo awo. Ine ndatsala pakhonde kuno ku Namitambo, Ababa, chifukwa inu mulibe manda. Chimene munandisiyira ndi kachitsulo kaja munabwera nako kuchokera kudoko la Beira, komatirira tizigoba toyera. Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili kamtsikana. Munandikhazika pamwendo n'kundionetsa zikhatho zanu zong'ambikang'ambika. Munati ntchito yanu inali kupala tizilombo ta m'zigoba timeneti pa mizati yachitsulo yozikidwa m'nyanja yamchere, madzi akaphwera. "Madzi akafunda, tizilomboti timaswana ngati nsabwe," munatero. "Mtsinje ukadzaza n'kuthira madzi opanda mchere m'nyanja, tambiri timafa. Koma pomwe mafunde amamenya kwambiri m'pomwe timagwiritsitsa. Upale lero, mwezi ukamatha tabwerera pomwepo."

Tsiku lomwe munkanyamukanso kupita ku Beira, Amayi anakufunsani kuti, "Nanga inuyo mubwerera liti?" Munaseka n'kuyankha kuti, "Mvula isanagwe, amake Rozina." Mvula inagwa, chimanga tinakolola tokha, ine ndinakwatiwa popanda inu. Amayi anakalamba maso ali kunjira ya ku Limbe, komwe munakakwerera sitima. Ena ankati munagwera m'madzi, ena ankati munakwatira komweko, ndipo palibe anatibweretsera ngakhale malaya anu oti tilirire. Mpaka lero ndikayesa kugomola tizigobati ndi mpeni, sitichoka. Kachilombo kopanda mkazi, kopanda mwana, kamadziwa kubwerera pamalo pake. Inu, Ababa, munali ndi ife.