Kapitawo wa Dibi ndi Galu wa Boma

Boma linatikumbira dibi la ng'ombe kuno ku Chikwa, kumene ntchentche za kashembe sizinalolepo ng'ombe kukhala ndi moyo. Poopa kukhala manja lende, akapitawo a dibilo, amene tayandikana nawo nyumba, amamizamo agalu athu. Amphaka anawayesako kamodzi, zipsera akali nazo.

Amayenda atavala khaki wositidwa, kusanthula makutu a galu aliyense, uku akulengeza kuti, "Nkhupakupa ndi mdani wa Mfumukazi!" Galu wawo yekha ndiye salowa m'dibi, ati ngwa boma. Nkhupakupa zamulendewera ngati nsatsi, mphere yamudya msana wonse.

Tsiku lina bwana woyendera za ziweto anamupeza galuyo akudzikanda pakhonde la ofesi.

"Galu uyu ngwa ndani?"

Akapitawo anaganizira za ntchito yawo. "Sindimudziwa, bwana. Wangosokera kuchokera ku Tembwe."

Apo n'kuti galuyo akunyambita nsapato za akapitawo.

"Galu wopanda mwini timawombera," anatero bwana, akuitanitsa mfuti.

Akapitawo anawerama, namuyang'anitsitsa galuyo kumaso.

"Manje ndamuzindikira, bwana. Ngwa amayi akunyumba. Anthu osapita kusukulu awa, ndawauza mpaka ndatopa."