Mzere umodzi umene ndinaiwala kufufuta

Ena munena kuti ndikukokomeza, koma izi zinandichitikiradi kuno ku Domasi zaka zingapo zapitazo, ndipo chiyambi chake n'chochititsa manyazi: ndinaiwala kufufuta mzere umodzi. Ine zamakompyutazi palibe anandiphunzitsa, ndinkangowerenga pafoni, mpaka kukalabu yathu ya alimi a mpunga anayamba kunditchula kuti injiniya, ine n'kumavomera ngati ndili ndi pepala lake.

Kalabuyo inandipempha kuti ndandanda wa madzi, wonena tsiku limene aliyense atsegulire ngalande kumunda kwake, uzioneka pafoni. Ndinakonza seva yakutsogolo, imene ntchito yake ili ngati ya woitanira pasiteji ya minibasi: foni ikafunsa, iyo imalandira pempholo n'kulitumiza kumakina akumbuyo osunga ndandanda. Makinawo ndinali nawo awiri, atsopano ndi ena oyeserera, mmene ndinakoperamo kaundula wakale wa kalabu. Mzere ndinaiwalawo unali adiresi ya oyesererawo. Ndiye sevayo, pomvera ine bwana wake wanzeru, inkatumiza mosinthana, pempho ili kuno, lotsatira uko.

M'mawa wina ndikuzulira udzu kumunda, kunabwera mayi wina wamasiye, foni kumanja, akunena kuti amuna awo, amene tinawaika kale m'manda, apatsidwa madzi Lachinayi. Ndinatenga foniyo n'kudinanso, dzinalo palibe, ndinaseka n'kuwauza kuti ndi maso chabe. Kudinanso kachiwiri, bambo aja abwerera, ndipo pansi pawo pali malemu ena atatu, aliyense ndi tsiku lake. Ndikuuzeni zoona, ngakhale ine amene ndinazikonza thupi linachita tsemwe.

Pofika masana pakhomo panga panali podzaza, akumzikiti ndi akutchalitchi omwe, tsiku limenelo mawu anali amodzi. Ankati ndasunga ndondocha mukompyuta, anthu akufa ondigwirira ntchito, nanga mpunga wanga unachita bwanji bwino chaka chimene wa anzanga unapserera? Ena anali atatola kale miyala. Ndinayamba kufotokoza za woitanira uja, koma mchimwene wa malemu mmodzi anandidula n'kufunsa kuti makina akumbuyowo ali kuti, awaone. Ndinayankha kuti ndi obwereka, ali kudziko lakutali, ngakhale ine sindinawaonepo. Kodi pali yankho lopusa kuposa limeneli pamaso pa anthu ogwira miyala?

Ndinatsegula laputopu iwo akuona, n'kufufuta mzere uja. Aliyense anadina foni yake kangapo, malemu osabweranso. Ine ndinkati ndapulumuka, koma mayi wamasiye aja ananena motsitsa kuti munthu wotha kuwabweza msanga chonchi ndiye kuti amathanso kuwaitana. Anthu aja miyala anaitaya, koma mawuwo sanawataye.

Kukalabu anandichotsa, ndandanda anabwerera nawo pabolodi ndi choko. Ganyu kumunda kwanga palibe amabwera, pamaliro ndikakhala pamphasa anthu amasendera, ndipo mkazi wanga amatunga madzi anzake atachoka pamjigo. Lero ndimakhulupirira kuti makina amakonzeka koma mbiri ya munthu ikathyoka ilibe injiniya. Inu odziphunzitsa nokha ngati ine, musamayesere ndi mayina a anthu enieni, ndipo mukakonza chinthu dinani kakhumi, osati kamodzi n'kuyamba kudzitama.

Amene amandipatsabe moni ndi achikulire ena oyandikana nawo nyumba, amene akazi awo anamwalira ali m'kalabu yomweyo. Tsiku lina akuchokera kumzikiti anaima pampanda n'kundiuza kuti iwo amandikhulupirira, zandondochazo n'zabodza. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti komabe tsiku limene ndidzawaitanenso malemu aja ndidzawauze, angoona dzina la akazi awo aja kamodzi kokha.