Tsiku Limene Zunilda Anasintha Maloko

Zunilda Ocampos anabwera mumzinda wa Asunción kuchokera kwawo ku Caaguazú ali mtsikana, kudzasesa pa kampani ina ya mabwato onyamula soya. Amene anamulanda tsache anali Don Crescencio, woyang'anira makompyuta, mkulu wapakamwa polasa koma wamtima wofewa. Mbewa ya kompyuta ankadana nayo koopsa. "Imeneyo ndi ya alesi," ankatero. "Lemba lamulo, makina amve." Choncho Zunilda anakulira pa sikirini yakuda ya zilembo zokhazokha mpaka naye anakhala katswiri, ndipo anapatsidwa mawu otsegulira nkhokwe, fayilo imene munkasungidwa mawu achinsinsi onse a pakampanipo.

Ntchito imeneyi ili ndi mwambo wake wonyansa. Wa makompyuta akamachotsedwa, amayamba amutsekera makomo onse kenako n'kumuuza, kuopa kuti angawononge zinthu chifukwa cha mkwiyo. Lachisanu lina m'mawa bwana anaitana Zunilda. Anati Don Crescencio akalamba, apumitsidwa masana omwewo, ndiye asinthe mawu onse mkuluyo asanadziwe.

Zunilda akanatha kukana, kapena kukamunong'oneza mkuluyo. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi, poti mpando wa mkuluyo unkabwera kwa iye, ndipo pansi pa mtima ankaufuna. Zimenezi ndiye zinkamudya.

Anakhala pansi, analemba lamulo lotsegulira ndi dzina la fayilo. Makina anafunsa mawu achinsinsi. Anawalemba, pa sikirini osaoneka kanthu monga mwa nthawi zonse, ndipo nkhokwe inatseguka. Anayamba kusintha mawu achinsinsi aja: a makalata, a zaulendo wa mabwato, a makina akuluakulu. Pambali pake Don Crescencio ankathira madzi ozizira m'masamba a tereré, chakumwa chawo cha tsiku ndi tsiku, akung'ung'udza kanyimbo.

"Imwa, iwe. Wakwinya nkhope ngati wameza ndimu. Mwamuna wako uja wapsereza nyama kachiwiri?"

"Ayi, bambo. Mutu chabe."

Zunilda anamwa. Manyazi anamugwira moti sanathe kumuyang'ana.

Patapita kanthawi mkuluyo anatembenukira ku kompyuta yake. Analemba, makina anakana. Analembanso.

"Iwe Zuni, chimakinachi chandiiwala kodi? Ine amene ndinachilera?"

"Mwina mwaphonya chilembo, bambo," anatero Zunilda, ndipo bodzalo linamuwawa kuposa zonse zimene anachita m'mawawo.

Don Crescencio sanayeserenso. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi malaya. Iyenso anatsekerapo anthu makomo m'zaka zake, ndiye panalibe chomufotokozera. Anadzuka pang'onopang'ono, nadzaima kumbuyo kwa Zunilda, maso pa mizere ya pa sikirini yakudayo.

"A makina a kudoko aja wasintha?"

"Ayi," anayankha chapansipansi.

"Sintha. Amenewo ndi amene anthu amaiwala, ndipo ine ndikadali nawo m'mutu. Bwana akadzatulukira, adzati ndiwe wosasamala."

"Bambo, ine..."

"Lemba, mwanawe. Kulira ukalire kwanu."

Zunilda analemba, mkuluyo ali chiimire kumbuyo kwake kuonetsetsa kuti asalakwitse.