Anandilira ndili moyo pa Jenda

Lachiwiri la sabata yatha ndinamva uthenga wa maliro anga. Ndinaumva ndekha, ndi makutu angawa, nditanyamula jumbo ya tomato pamsika wa Jenda.

Mkazi wanga, NyaShaba, akulandira mankhwala a khansa ya m'bere ku Lilongwe, aja a m'diripi amene amathothola tsitsi. Lake linayamba kutsalira pa pilo, kenako pa chipeso, mpaka iye mwini anati ndimumete lotsalalo. Kuyambira pamenepo sanatulukenso pampanda, kupatula ulendo wa kuchipatala. Ndiye pobwerera kwathu ku Boma, atati titsike pa Jenda asankhe yekha ndiwo, ndinakondwa. Ndinati munthu wayamba kubwerera.

Ine, monga timachitira amuna, ndinali patsogolo kamtunda ndithu. Iye m'mbuyo, atamanga duku lakuda. Ndinangomva kulira. Potembenuka, ndikuona mayi wina wachikulire wa ku Manyamula, mnzawo wa apongozi anga, wamukumbatira mkazi wanga. Pokumbatiranapo duku linatsetserekera m'mbuyo, mutu wopanda tsitsi uli poyera.

"Mwana wane, pepa chomene!" anatero mayiyo. "Mpaka mwameta kale, mbwenu ife osamva! Bambo aja anatisiya liti?"

Ndinafika, n'kutsokomola. Mayiyo atandiona anabwerera m'mbuyo, dzanja pakamwa. "Yewo, adada," anandilonjera. Kodi munthu umayankha chiyani kwa amene akukulira? Ndinangoti, "Tilipo, amama."

Ndinkafuna kuseka, koma nditayang'ana NyaShaba kuseka kunathawa. Anali akukoka duku ndi manja awiri, maso pansi, ogulitsa kabichi onse akumuyang'ana. Tinakwera minibasi. Titafika kunyumba anangoti, "Sindidzatulukanso."

Mayi uja sindikumuimba mlandu. Kuno mutu wometa ndi duku lakuda zimanena chinthu chimodzi, ndipo iye anamva molondola zimene makolo anamuphunzitsa. Chimene chandizunguza mutu n'chakuti, nanga wodwala avale chiyani kumutu choti anthu asachimasulire?

Tayesa, musaganize kuti sitinayese. Mlamu wanga anatumiza wigi kuchokera ku Joni. Inamukhala bwino, koma masana imatentha, ndipo khungu la m'mutu lopanda tsitsi silichedwa kuyabwa. Anaivala kamodzi pakhonde, mayi wina woyandikana nafe n'kunena kuseri kwa mpanda kuti, "Odwala ake ndi amenewa, otchena chonchi?" Inabwerera m'katoni.

Duku loyera ndi la amayi a bungwe la kutchalitchi, silimangidwa wamba. Maduku onyezimira a paukwati amaterera, chifukwa palibe tsitsi loti agwire. Chipewa choluka n'chabwino m'mawa kukamazizira, koma dzuwa likafika pamutu anthu amayamba kufunsa ngati ali ndi malungo. Akangokhala osavala kanthu, apo ndiye aliyense amasanduka dokotala, ndipo matenda amene amatchula monong'ona si khansa ayi.

Mwaona? Mutu ndi wake, koma omasulira ndi mudzi wonse.

Ine nzeru zitandithera usiku wa Lachiwiri lija, ndinati ndimulimbitse mtima. "Tsitsi ndi tsitsi basi, lidzamera."

Iye anandifunsa kuti, "Bambo a Chisomo, inu dazi lanu linayamba liti? Bwanji chipewa simuchisiya ngakhale popita kubafa?"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo taganizani, dazi langali anthu amaliseka mwaulemu, amati n'chizindikiro cha chuma, chimene mpaka lero ndikuchidikira. Palibe anandifunsapo kuti ndani wamwalira. Mkazi akangotaya tsitsi, timafuna atiuze chifukwa chake, ngati kuti analibwereka kwa ife.

Tsono chabwino n'chiti? Tizifunsa? Kufunsa kumapweteka. Tizingokhala chete? Kukhala chete nakonso kumapweteka, chifukwa maso amakhala akufunsabe. Mayi uja analakwitsa, komatu ndi yekhayo amene anathamanga kudzamukumbatira. Ena amene akudziwa zoona amamupatsa moni chapatali, ngati khansa imauluka ndi mphepo. Ndiye wolakwa kwambiri ndani pamenepa? Ine sindikudziwa, ndipo ndikulemba izi ndisanadziwebe.

Masiku otsatirawo NyaShaba sanafike ndi pachipata pomwe. Ndinkaopa kuti matenda amulanda tsitsi, ife anthu timulande msewu, msika ndi tchalitchi.

Lamulungu m'mawa ndikupukuta nsapato, ndinamva chitseko cha kuchipinda chikutseguka. Anatuluka atavala diresi lake la buluu, ndolo kukhutu. Kumutu, duku lakuda lomwe lija.

"Lomwelo?" ndinafunsa. "Simukuopa kuti andiphanso?"

"Ili ndi la thonje, lofewa, silindiyabwa. N'chifukwa chake ndinalisankha poyamba pomwe," anatero. "Vuto silinali duku ayi. Inu munali kuti? Lero muyende pambali panga, anthu aone kuti muli moyo."

Tinayenda choncho, phewa ndi phewa, kudutsa pamsika wa Boma. Anyamata a kabaza anayang'ana, mwina duku, mwina bambo wa imvi amene akuyenda pang'onopang'ono pambali pa mkazi wake ngati angotomerana kumene. Manyazi ndinachita nawo, sindinama. Iye anayenda mutu uli m'mwamba.

Funso la choti wodwala avale kumutu sindinaliyankhebe, mwina si langa kuliyankha. Langa ndi ili, kwa amuna anzanga amene timayenda patsogolo akazi athu akudwala m'mbuyo: anthu akatiyesa omwalira, alakwitsa kwambiri?