Nyimbo Imene Mayi Nuriye Anandisiyira

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anayamba kundisiya kwa mayi Nuriye. Tinkakhala ku Thamesmead, mu London, m'nyumba zosanjikizana zija za konkire, kumene mphepo yochokera kumtsinje imakupeza ngakhale utabisala pamasitepe. Amayi anali namwino pachipatala ku Lewisham, ndipo akagwira shifiti yamasana ankafika kunyumba mochedwa. Choncho ine ndikaweruka kusukulu ndinkagogoda pakhomo loyandikana ndi lathu, kwa mayi wokalamba wa ku Turkey amene ankakhala yekha.

Tsiku loyamba ndinawatchula kuti agogo, monga mmene anandilerera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundiuza m'Chingelezi chawo chothyokathyoka kuti iwo sanabereke amayi anga. Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi atatu, koma milomo ankaipaka zofiira tsiku lililonse, kumutu kopanda mpango, ndudu ili kumanja. M'nyumba mwawo munkanunkhira khofi wakuda bii ndi mafuta a fungo la mandimu amene ankandithira m'manja ndikangolowa. Anali mayi wovuta, sindinama. Ankadandaula za mvula, za mabasi, za mwana wawo Erdal amene ankakhala kumpoto kwa London n'kumangobwera mwa apo ndi apo atanyamula buledi ndi mankhwala. Ine ankandinena kuti ndimayenda ngati ndasenza thumba la simenti.

Zinthu zinasintha pamene kunagwa maliro a mnyamata wina wa kumudzi amene ankaphunzira pa yunivesite. Poti analibe abale kuno, anthu ankasonkhana kunyumba kwathu podikira kuti thupi litumizidwe ku Malawi, ndipo kudikirako kunatenga masabata. Lamulungu masana amayi a kutchalitchi kwathu ku Peckham anadzaza pabalaza, atakhala pansi ndi zitenje zawo, n'kuimba nyimbo zamaliro mpaka mawindo anachita thukuta. Amayi anada nkhawa kuti mayi Nuriye akatidandaulira ku khonsolo chifukwa cha phokoso.

Mawa lake ndinawapeza mayi Nuriye atakhala phee, khofi atazizira m'kapu.

"Dzulo lija munkaimbira ndani?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti munthu wamwalira.

"Ndiye kwanu wakufa mumamuimbira?"

Ndinayankha ndi mawu amene ndinkawamva kwa amayi, oti kwathu munthu salowa m'manda wopanda nyimbo, angakhale wosauka chotani. Mayi Nuriye anazimitsa ndudu yawo, anawongola msana, n'kutsegula pakamwa. Mawu amene anatuluka anali osasa, onjenjemera, koma ankayenda m'njira yawoyawo, kuima mwadzidzidzi, kenako n'kutsetsereka. Tsitsi linandiyimirira. Ndinali ndisanamvepo munthu akuimba ngati akukangana ndi wina amene palibe.

Anandiuza kuti imeneyo ndi tango, gule wa anthu awiri ogwirana amene anachokera kutali kutsidya la nyanja, ndipo achinyamata a ku Istanbul anamuika mawu a chilankhulo chawo. Iwo ali mtsikana anali m'gulu la akazi oyambirira a mtundu wawo kuima pamaso pa anthu n'kuimba nyimbo zimenezi. M'mbuyomo, anatero, mkazi wa kwawo sankaloledwa kukwera pansanja. Sindinafunse chifukwa chake, ndipo kusafunsako kunadzandiwawa pambuyo pake. Ankaimba m'holo ina pafupi ndi doko, kumbuyo kwawo kuli amuna a vayolini, anthu akuvina atavala bwino. Anajambulitsa nyimbo zingapo pa mbale za galamafoni. Alongo awo akawaona mumsewu ankawolokera tsidya lina.

Kenako kunabwera mwamuna wogulitsa nsalu, wofatsa, wa maso abwino. Anawafunsira ukwati, n'kupempha chinthu chimodzi chokha: kuti mkazi wake asadzaimbenso, kaya pagulu kaya m'nyumba.

"Sanandikakamize," anatero mayi Nuriye. "Ndinkamukonda. Ndinavomera ndekha ndi pakamwa pomwepa."

Mbale zija zinasowa pamene ankasamuka, ndipo iwo sanafunse kuti zapita kuti. Koma panali nyimbo imodzi imene woimba vayolini wina anawapekera, yomwe ankayenera kukaijambulitsa mwezi umene anakwatiwa. Sinajambulidwe. Wopekayo anamwalira kalekale. Nyimboyo inatsala m'mutu mwa munthu mmodzi padziko lonse, ndipo munthuyo anali atakhala patsogolo panga akutsokomola.

"Anthu a kwathu sadzandiimbira," anatero. "Iwe udzandiimbira. Imeneyi."

Ndinalonjeza msangamsanga, monga mmene mwana amalonjezera zinthu zimene sakudziwa kulemera kwake.

Kuyambira pamenepo, ndikangotula chikwama maphunziro ankayamba. Ankagogoda patebulo ndi mphete yawo kuti ndimve kayendedwe ka nyimbo, ine n'kumameza mawu achilendowo limodzilimodzi osadziwa tanthauzo lake. Ndikafunsa ankati tanthauzo si ntchito yanga. Ndikakweza mawu mokoma monga tinkachitira ku Sande sukulu ankamenya tebulo. "Suli m'tchalitchi! Imba ngati munthu wakulanda chinthu chako." Masiku ena ndinkatuluka misozi ili m'maso, ndikulumbira kuti sindidzabwereranso, koma mawa lake ndinkagogoda.

Amayi ankandiseka akandimva ndikuyeserera m'bafa. Nthawi imeneyo iwo akandiyankhula m'Chichewa ine ndinkayankha m'Chingelezi. "Taonani zodabwitsa," ankatero. "Chichewa ukuti ndi difficult, koma cha ku Turkey ukuchilakatula ngati unabadwira komweko." Komabe nkhani ya lonjezo ija sanaitenge mwachibwana. Anapita okha kukawauza mayi Nuriye kuti tsikulo likadzafika sindidzaima ndekha, amayi a kutchalitchi adzabwera.

Nyengo yozizira ya chaka chotsatira chifuwa chinawagwira mayi Nuriye, n'kuwagoneka m'chipatala. Anamwalira Lachitatu m'mawa. Bambo Erdal anaimba foni kutidziwitsa, n'kunena kuti Loweruka adzabwera ku fulati ya mayi awo. Amayi anapepesa, koma za tsiku loika maliro sanafunse. Kwathu zimenezo safunsa pafoni ngati ukufunsa nthawi ya basi. Umapita kukakhala pansi kaye ndi ofedwa, zina n'kumamva uli pomwepo. Ndiponso maliro onse amene tinawaona mu London ankatenga masabata. Tinkadziwa kuti nthawi ilipo.

Lachinayi ndi Lachisanu amayi anali pafoni, kumema anzawo. Ine ndinkangobwereza nyimbo ija, panjira ya kusukulu, pamasitepe, paliponse, poopa kuti ndidzaiwala mawu pamaso pa anthu. Ndinasita ndekha diresi langa lakuda.

Loweruka masana amayi a ku Peckham anafika pa basi, zitenje zili m'zikwama. Anazimanga pamwamba pa majasi, n'kukhala pansi pakhonde lozizira lija, kutsogolo kwa chitseko cha mayi Nuriye. Bambo Erdal atatuluka mu lifiti anaima chilili. Anali bambo wa imvi, wamapewa akugwa, ndipo m'manja ananyamula makatoni opanda kanthu ndi mpukutu wa matumba akuda a zinyalala. Amayi anaimirira, anapepesa mwaulemu, n'kufotokoza kuti tabwera kudzakhala nawo, ndipo tikufuna kumva dongosolo la maliro.

"Maliro?" anatero bambowo. "Tinawaika Lachinayi. Ife Asilamu sitichedwetsa."

Ndinamva anti Misozi, mnzawo wa amayi wa ku Chipata, akunong'ona kuti, "Mayo ine. Manje tizachita bwanji?" Amayi anagwira pakamwa. Iwo anakulira ku Balaka pakati pa Asilamu, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti kumeneko maliro sagonetsa. Koma mayi wa milomo yofiira, wosuta fodya, woimba tango, sanamuganizirepo n'kamodzi komwe kuti ndi Msilamu. Ine ndi pamene ndinamvetsa za akazi aja amene sankaloledwa kukwera pansanja. Lachinayi lija, nthawi imene ankawatsitsira m'manda, ine ndinali m'kalasi ndikung'ung'udza nyimbo yawo chamumtima.

Ndinalira kulira konyansa, kwa mamina, kosasamala kuti pali alendo. Amayi anandisiya pang'ono, kenako anandigwira paphewa.

"Tadala, pukuta nkhope. Ngongole ya wakufa sathawa nayo. Imba."

"But Mum, she's gone."

"Ndati imba."

Ndinaimirira pachitseko chotseka chija n'kuyamba. Ndinakumbukira mphete ija ikugogoda patebulo, ndipo ndinaimba ngati munthu wandilanda chinthu changa, poti analidi atandilanda. Ndili pakati ndinamva makatoni akugwa pansi. Nditamaliza, bambo Erdal anali atatsamira khoma.

"Nyimbo imeneyi waitenga kuti?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti anandiphunzitsa ndi mayi awo, ndi nyimbo ya nthawi imene ankaimba ku Istanbul.

Anapukusa mutu. "Mayi anga sankaimba. Ine chibadwire sindinawamvepo akuimba, ngakhale pondigoneka ndili khanda sindikhulupirira kuti anaimbapo."

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa chimene ndinakhala ndikufuna kudziwa chaka chonse, kuti mawuwo akutanthauza chiyani. Bambowo anati: "Akuti, ukandiona ndili chete usaganize kuti ndaiwala." Atatero anakhala pansi pa simenti, pakati pa amayi a zitenje amene sankawadziwa, n'kubisa nkhope m'manja. Anti Misozi anayambitsa nyimbo yathu yamaliro chapansipansi, ena n'kulandira.

Papita zaka zambiri tsopano. Kwa nthawi yaitali chimene chinkandipweteka chinali kuchedwa kwathu, ndipo ndinkawakwiyira amayi chifukwa chosafunsa funso limodzi lokha pafoni. Lero ndikakumbukira tsikulo, amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi bambo uja wa makatoni. Ife tinachedwa ndi masiku ochepa. Iye anakhala ndi mayi ake moyo wake wonse, kuwagulira buledi ndi mankhwala mokhulupirika, osadziwa kuti m'nyumba imene anakulira munali munthu amene anthu ankamuombera m'manja. Anakamva mawu a mayi ake kudzera pakamwa pa mwana wa eni, wosadziwa n'chimene akunena. Ndinaphunzira kuti makolo athu amakwirira zinthu zawo ali moyo kuti ife tikule, ndipo ife timangoona wophika ndi wodandaula, osafunsa kuti asanakhale mayi anali ndani.

Nditakula ndinawafunsa amayi anga funso limenelo, m'Chichewa, ndipo tinacheza mpaka tiyi anazizira. Koma nyimbo ija sindinaisunge bwino. Bambo Erdal sitinaonanenso, ndipo palibe amene anaganiza zoijambula. Ndime yachiwiri inandithawa pang'onopang'ono, ndipo ndaifunafuna kulikonse kumene nyimbo zakale zimapezeka, kulibe. Yatsala ndime yoyamba yokha. Ndimamuimbira mwana wanga wamkazi pomusambitsa, ndipo ndikafika pamene nyimbo imadukira, iye amandiyang'ana kudikira kuti ndipitirize.